Kiriketi ndi Makatuni ku India: Mmene Amajambulira Maloto a Mwana Wofuna Kukhala Katswiri

Pa 18 June 1983, m'tauni ya Tunbridge Wells ku England, timu ya kiriketi ya India idatsala pang'ono kutuluka mu mpikisano wa chikho cha dziko lonse. Inkasewera ndi Zimbabwe, ndipo osewera ake asanu oyambirira adali atatulutsidwa kale pamene timuyo idali ndi ma run (mapointi a kiriketi) 17 okha. Kaputeni wawo, Kapil Dev, yemwe adali ndi zaka 24, adaima nji mpaka kumenya ma run 175 osatulutsidwa, India n'kupambana. Patangotha sabata imodzi idagonjetsa West Indies, timu ya maiko a ku Caribbean, pa bwalo la Lord's ku London ndi kutenga chikhocho kwa nthawi yoyamba. Masewera a ku Tunbridge Wells aja sadajambulidwe ndi makamera a wailesi ya kanema, motero zomwe zidatsala ndi zithunzi zochepa, pepala la zotsatira, ndi zokumbukira za anthu amene adalipo. Amwenye mamiliyoni ambiri amalidziwa tsiku limenelo kudzera m'nkhani zosimbidwa pakamwa, ndipo aliyense amaliona m'maganizo mwake mosiyana ndi mnzake.

Malo ngati amenewa, omwe kamera sidafikeko, ndiwo munda wa wojambula makatuni. India ili ndi anthu okonda kiriketi ochuluka kuposa dziko lina lililonse, ilinso ndi mwambo wakale wa mabuku a nkhani za zithunzi omwe ana a mibadwo ingapo adakula nawo. Munthu angayembekezere kuti zinthu ziwirizi zidagwirana manja kalekale n'kubala nkhani zazikulu zomwe mwana aliyense amazidziwa pamtima. Zoona zake n'zakuti zidakumana mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri zidakumana pa kutamanda akatswiri omwe adali otchuka kale. Nkhani ya mwana amene akufuna kukwera, ya makolo amene akugulitsa zomwe ali nazo kuti amugulire bati (thabwa lomenyera mpira), ya zikwi za anzake amene amathera panjira, ndiyo imene yajambulidwa pang'ono kwambiri, ngakhale kuti ndiyo imene makatuni angaikambe bwino kuposa njira ina iliyonse.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyamba ndi mmene kiriketi imaseweredwera. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11. Pakati pa bwalo pali kanjira kolimba kotalika mamita pafupifupi 20, ndipo kumapeto kwake konse kuli timitengo titatu tozikidwa pansi, totchedwa wiketi. Woponya amathamanga n'kuponya mpira wolimba wachikopa kuti ugwetse timitengoto n'kutulutsa womenya, pamene womenya amatiteteza ndi bati ndipo amayesetsa kuumenyera mpirawo kutali kuti apeze ma run. Mpira ukagubuduka mpaka kumalire a bwalo ndi ma run 4, ukawuluka n'kugwera kunja osagunda pansi ndi ma run 6. Mipira 6 imapanga over imodzi. Masewera akale otchedwa Test amatha kutenga masiku asanu, a tsiku limodzi amakhala ndi ma over 50 mbali iliyonse, ndipo a T20 amatha m'maola ongopitirira atatu.

Mpira wamiyendo suima, choncho wojambula amavutika kusankha poti adule. Kiriketi imabwera yoduladula kale. Mpira uliwonse ndi nkhondo ya anthu awiri yomwe ili ndi chiyambi ndi mathero ake, ndipo ikatha pamakhala kanthawi kopuma pamene aliyense akulingalira za mpira wotsatira. Mpira wa woponya wothamanga kwambiri umafika kwa womenya m'kanthawi kokwana pafupifupi theka la sekondi, koma pa pepala kanthawi kameneko kangathe kudzaza tsamba lonse. Kabokosi koyamba kangaonetse woponya akupukuta mbali imodzi ya mpira pa thalauza lake kuti iwale, popeza kuwala kwa mbali imodziko ndiko kumathandiza mpira kukhota m'mwamba. Kachiwiri kangaonetse zala zake ziwiri zitagona pa msoko wa mpirawo. Kachitatu kangaonetse maso a womenya pansi pa chisoti, thukuta likutsika, ndi mawu a m'mtima mwake akuwerenga pamene oteteza aima. Kenako tsamba limatha mpira uli m'malere, ndipo wowerenga ayenera kutembenuza pepala ndi dzanja lake kuti adziwe ngati timitengo tagwa. Kamera ya kanema singalowe m'mutu mwa wosewera, ndipo siingachedwetse nthawi mpaka wowerenga atakonzeka. Wojambula angathe kuchita zonse ziwiri.

Mabuku a makatuni ku India adayamba kufala kwambiri m'zaka za m'ma 1960. Mu 1964 kampani yosindikiza nyuzipepala ya Times of India idayambitsa Indrajal Comics, yomwe poyamba inkasindikiza nkhani za ku America monga za Phantom. Mmodzi mwa anthu amene adagwira ntchito kumeneko adali Anant Pai. Iye ankasimba kuti adaonera mpikisano wa mafunso pa kanema, momwe ana a ku India adayankha bwino za nthano za Agiriki koma adalephera kutchula dzina la mayi wa Rama, ngwazi ya nthano yawo yomwe. Mu 1967 adayambitsa Amar Chitra Katha, mndandanda wa timabuku ta milungu, mafumu, oyera mtima ndi omenyera ufulu, ndipo mu 1980 adawonjezera magazini ya ana yotchedwa Tinkle. Kumpoto, komwe anthu amalankhula Hindi, Pran Kumar Sharma adapanga Chacha Chaudhary mu 1971, nkhalamba yanzeru ya nduwira yofiira, ndipo m'zaka za m'ma 1980 Raj Comics idabweretsa ngwazi zamphamvu zodabwitsa monga Nagraj. Timabuku timeneti tinkagulitsidwa m'masiteshoni a sitima ndi m'timagolosale, ndipo pa tchuthi cha nyengo yotentha ana ankatibwereka pa mtengo wa timakobiri kwa eni timashopu ta m'dera.

Mwambo umenewu udaphunzitsa owerenga ndi ojambula omwe kuti munthu woyenera kukhala pa chikuto ndi ngwazi yobadwa nayo mphamvu. Mu Amar Chitra Katha ngwazi imadziwika kuyambira pa tsamba loyamba, kawirikawiri ndi zizindikiro zoonekera pa kubadwa kwake, ndipo nkhani yonse imangotsimikizira zomwe zidalembedwa kale. Nkhani ya masewera imafuna zosiyana ndi zimenezo. Imafuna munthu wamba amene sadziwa ngati adzakwanitsa, amene amaluza, amavulala, amasiyidwa pa benchi, n'kudzukanso m'mamawa kukachita zomwezo. Ndikuganiza kuti kusiyana kumeneku ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe kiriketi idachedwera kupeza malo ake enieni pa masamba amenewa.

Komwe kiriketi idalowa mosavuta ndi m'nkhani zoseketsa. Pran yemweyo adapanga Billoo, mnyamata amene tsitsi lake limaphimba maso ndipo mpira wake umangokhalira kuswa magalasi a mawindo a anansi. Imeneyi ndi kiriketi ya m'tinjira ta pakati pa nyumba, yomwe mwana aliyense wa m'tauni ku India amaidziwa, monga mmene mwana wa kuno kwathu amadziwira mpira wachikulunga wa pa msewu wafumbi. Wiketi imakhala mizere itatu yolembedwa pa khoma ndi choko kapena njerwa zosanjikiza, mpira ndi wa tenisi, ndipo malamulo amapangidwa molingana ndi malo. M'madera ambiri, womenya akalowetsa mpira m'nyumba ya mnansi waukali amakhala watuluka, ndipo ndi iye amene amapita kukaupempha. Billoo amasewera chifukwa chosangalala basi, alibe maloto okavala yunifolomu ya dziko, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi nthawi yomwe adajambulidwa.

Pa nthawi imeneyo masewera sankaonedwa ngati ntchito. Pali mawu otchuka a m'Chihindi omwe makolo ankauza ana, akuti ukaphunzira ndi kulemba udzakhala bwana, koma ukamasewera ndi kudumphadumpha udzawonongeka. Osewera abwino ankadalira kulembedwa ntchito ku mabanki, ku kampani ya sitima kapena ku makampani akuluakulu a ku Bombay (lero Mumbai) omwe adali ndi matimu awoawo. Ngakhale timu yomwe idatenga chikho mu 1983 idabwerera kwa bungwe loyendetsa kiriketi, la BCCI, lomwe lidalibe ndalama zokwanira zoithokozera. Woimba wotchuka Lata Mangeshkar adachita phwando la nyimbo ku Delhi, ndipo ndalama za pakhomo ndizo zidapangitsa kuti wosewera aliyense alandire ma rupee 100,000. Wosindikiza mabuku a ana amene ankadalira makolo ndi masukulu kuti amugule sakadalimba mtima kulimbikitsa mwana kusiya mabuku n'kuthamangira ku bwalo.

Chipambano cha 1983 chitasandutsa osewera kukhala anthu otchuka m'dziko lonse, osindikiza adatenga njira yomwe ankaidziwa kale, yowasandutsa ngwazi za mphamvu zodabwitsa. Cha pakati pa zaka za m'ma 1980 kudatuluka timabuku ta Sunny the Supersleuth, momwe Sunil Gavaskar, womenya wamkulu wa nthawiyo, adali wofufuza milandu wolimbana ndi zigawenga. Diamond Comics idatulutsanso nkhani zingapo za Kapil Dev za mtundu womwewo. Mu 2007 Virgin Comics idalengeza kuti ipanga ngwazi yochokera pa Sachin Tendulkar, mu 2019 pa kanema padabwera makatuni a Super V otengera Virat Kohli, ndipo mu 2022 nkhope ya Mahendra Singh Dhoni idaikidwa pa mfumu yankhondo m'buku la zithunzi lotchedwa Atharva. M'ntchito zambiri zotere kiriketi yeniyeni ndi yochepa kapena palibiretu. Chomwe chikugulitsidwa ndi nkhope yodziwika, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti Gavaskar, munthu wamfupi amene adalimbana ndi oponya oopsa a West Indies iye alibe chisoti n'kumenya ma run 774 pa ulendo wake woyamba mu 1971, adaonedwa kuti akufunika zigawenga zopeka kuti nkhani yake ikome.

Makatuni a kiriketi omwe akhalitsa kwambiri sali m'mabuku konse. Kuyambira mu 1966 kampani ya mkaka ndi batala ya Amul yakhala ikuika pa zikwangwani za m'misewu kamtsikana kovala diresi la madonthomadontho kamene kamathirira ndemanga pa nkhani za sabata imeneyo, ndipo masewera akuluakulu a kiriketi sakadutsa. Koma chithunzi chimodzi chokhala ndi nthabwala imodzi sichingasenze nkhani ya moyo wa munthu.

Chinanso chomwe chidasokoneza ndi nthawi. Mu 1991 India idatsegula chuma chake, ndipo mawailesi a kanema a satelayiti adasefukira m'nyumba za anthu. Mu 1995 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula, pa mlandu womwe udayamba chifukwa cha kuwulutsa masewera a kiriketi, kuti boma lilibe ufulu wokhala lokha ndi mafunde owulutsira. Kuchokera apo ndalama zidayamba kuthamangira ku kiriketi, ndipo Tendulkar adakhala nkhope ya zaka khumi zimenezo. Kanema yemweyo amene adakweza kiriketi ndiye adafooketsa mabuku a makatuni, chifukwa mwana amene kale ankabwereka kabuku tsopano adali ndi makatuni oyenda tsiku lonse. Panthawi yomwe maloto a kiriketi adayamba kukhala a mwana aliyense, makampani omwe akadawajambula adali akuchepetsa ntchito. Ligi ya IPL, ya masewera a T20 a matimu a m'mizinda ya India, itayamba mu 2008, kusiyanako kudakula kwambiri. Ufulu wowulutsa ligiyo kuyambira 2023 mpaka 2027 udagulitsidwa pa ndalama zoposa madola 6 biliyoni.

Dziko limene lidaonetsa zomwe makatuni a masewera angachite ndi Japan. Kumeneko magazini a mlungu ndi mlungu amasindikiza nkhani imodzi kwa zaka zambiri, masamba pafupifupi 20 sabata iliyonse, wojambula ali ndi omuthandiza komanso mkonzi womutsatira pafupi. Pachimake pake, cha m'ma 1995, magazini ya Weekly Shonen Jump inkasindikizidwa makope oposa 6 miliyoni pa sabata. Mu magazini imeneyo mudatuluka Captain Tsubasa mu 1981, nkhani ya mpira wamiyendo yomwe osewera ambiri a ku Japan ndi ku Europe anena poyera kuti idawakokera ku bwalo. Owerenga a kum'mwera kwa Africa kuno adalawako zoterezi kudzera mu Supa Strikas ya ku South Africa. Nkhani yotere imafuna malo otakasuka, chifukwa masewera amodzi angathe kutenga miyezi ingapo kuti athe kusimbidwa. Timabuku ta ku India ta masamba pafupifupi 30, tomwe nkhani yake iyenera kutha m'kabuku komweko, sitidapereke malo amenewo.

Mu 2012, pokumbukira zaka 60 za ubale wa maboma a Japan ndi India, padachitika kuyesa kochititsa chidwi. Kampani ya Kodansha ya ku Japan, mogwirizana ndi DQ Entertainment ya ku Hyderabad, idatenga nkhani yakale ya baseball yotchedwa Kyojin no Hoshi, yomwe idayamba kusindikizidwa mu 1966, n'kuisandutsa makatuni a pa kanema a kiriketi otchedwa Suraj: The Rising Star. Adayamba kuonetsedwa pa wailesi ya Colors mu December chaka chimenecho. Ganizo la opanga lidali lakuti India ya nthawiyo ikufanana ndi Japan ya m'ma 1960, dziko lomwe chuma chikukwera ndipo mwana wa munthu wosauka akukhulupirira kuti khama lingamutulutse mu umphawi. Mnyamata wa nkhaniyi adasamutsidwira m'dera la anthu osauka ku Mumbai, ndipo bambo wake adakhala woyendetsa kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu, amene maloto ake a kiriketi adafera panjira. Chida cha masipuling'i chimene bambo wa ku Japan ankamanga pa thupi la mwana wake kuti alimbe chidasinthidwa kukhala machubu a njinga. Zochitika zomwe bamboyo ankagubuduza tebulo la chakudya atakwiya zidachotsedwa, chifukwa ku India kutaya chakudya motero n'kunyoza kwakukulu.

Makatuniwo adatha pa zigawo 26 ndipo sadakhale dzina la m'nyumba iliyonse, koma adakhudza mtsempha weniweni, womwe ndi bambo amene amasenzetsa mwana maloto ake olephereka. Nkhani imeneyi India sidafunike kuibwereka kunja. Yograj Singh adasewera Test imodzi yokha, ndipo mwana wake Yuvraj wasimba poyera mmene bamboyo adatayira mendulo yomwe iye adapambana ali mwana pa mpikisano wotsetsereka ndi nsapato za matayala, n'kumulamula kuti aziika mtima pa kiriketi yokha. Yuvraj adadzakhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse wa 2011, womwe India idatenga. Kodi chikho chimenecho chikufafaniza nkhanza zija? Wojambula woona mtima sayenera kuyankha mwachangu, ndipo angathe kuika nkhope ya mwanayo ndi ya bamboyo m'timabokosi toyandikana n'kusiya wowerenga aweruze yekha.

Aliyense wofuna kupanga buku lotere lero amakumana ndi zovuta zomwe sizioneka kwa wowerenga. Nkhope ndi dzina la wosewera wotchuka ndi katundu wa malonda, zizindikiro za matimu a IPL nazonso zili ndi eni ake, ndipo amene wapereka chilolezo amafuna kuti nkhani imuonetse bwino. Motero buku lovomerezeka silingakambe momasuka za kugulitsa masewera, nkhani yomwe idagwedeza kiriketi mu 2000 pamene apolisi a ku Delhi adaulula zomwe zinkachitika ndipo kaputeni wa South Africa, Hansie Cronje, adavomera kulandira ndalama kwa anthu a juga. Silingakambenso za kunamizira zaka za kubadwa, vuto lomwe lidakakamiza BCCI kuyamba kuyeza mafupa a anyamata pa mipikisano ya achichepere. Wolemba amene akufuna kunena zoona amapeza ufulu wochuluka akapeka wosewera wake ndi tauni yake. Palinso nkhani ya chilankhulo, popeza malamulo a dzikolo amazindikira zilankhulo 22. Mabuku a zithunzi a anthu akuluakulu amatuluka kwambiri m'Chingerezi ndipo ndi okwera mtengo, pamene ana amene maloto awo akukambidwa amalankhula Hindi, Marathi, Tamil, Bengali kapena Telugu. Ndipo owerenga a kiriketi sakhululuka. Wojambula akalakwitsa kagwiridwe ka mpira ka woponya wopota, kapena akaika phazi la womenya polakwika, mwana wa zaka 12 amazindikira nthawi yomweyo n'kusiya kukhulupirira nkhani yonse.

Manambala okha akusonyeza kumene nkhani yeniyeni ili. M'dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni, amuna amene adasewerapo Test kuyambira pamene India idayamba mu 1932 ndi ongopitirira pang'ono 300. Mpikisano waukulu wa m'dzikomo, wa Ranji Trophy, uli ndi matimu 38. IPL ili ndi matimu 10, iliyonse yololedwa osewera osapitirira 25, ndipo mwa iwo mpaka 8 angakhale akunja. Khomo ndi lopapatiza chonchi, koma nkhani zomwe zimafalitsidwa ndi za amene adadutsa. Dhoni adachokera ku Ranchi ndipo adagwirapo ntchito yoona matikiti pa siteshoni ya sitima ya Kharagpur. Bambo a Mohammed Siraj ankayendetsa kagalimoto ka matayala atatu ku Hyderabad, a Rinku Singh ankaperekera masilinda a gasi ku Aligarh. Yashasvi Jaiswal adachoka ku Uttar Pradesh ali mwana n'kumagona m'tenti pa bwalo la Azad Maidan ku Mumbai, ngakhale mphunzitsi wake adadandaulapo kuti atolankhani amakokomeza mbali ya umphawi wake kuti nkhani ikome. Nkhani zimenezi n'zoona ndipo n'zolimbikitsa, koma zikakhala zokhazokha zimaphunzitsa mwana kuti wolephera ndiye sadalimbikire. Mu January 2016 mnyamata wa sukulu, Pranav Dhanawade, adamenya ma run 1,009 pa masewera amodzi ndipo dzina lake lidamveka dziko lonse lapansi, koma sadafike pa timu ya dziko. Wojambula wa ku India Sarnath Banerjee adaona kufunika kwa anthu otere pamene, pa nthawi ya masewera a Olympic a ku London mu 2012, adaika pa zikwangwani za mumzindawo zithunzi za ochita masewera oluza.

Palinso anthu omwe khomo lidawatsekera pa zifukwa zomwe sizikhudzana ndi luso. Palwankar Baloo adabadwira m'gulu la Dalit, anthu amene dongosolo la caste, logawa anthu m'magulu potengera kubadwa, linkawatenga ngati osayenera kukhudzidwa. Adaphunzira kuponya mpira akugwira ntchito yosalaza bwalo la kalabu ya azungu ku Poona. Luso lake lidakakamiza timu ya Ahindu kumutenga, koma poyamba ankamupatsira tiyi kunja kwa chipinda chomwe anzake ankamwera. Pa ulendo wa ku England mu 1911 adatulutsa omenya oposa 100, komabe sadapatsidwe ukaputeni wa timu ya Ahindu, womwe mng'ono wake Vithal adadzaulandira mu 1923. B. R. Ambedkar, amene adatsogolera kulembedwa kwa malamulo a dziko la India, ankamuona Baloo ngati ngwazi ali wophunzira. Mu 2011 ojambula a mtundu wa Gond, Durgabai ndi Subhash Vyam, adajambula moyo wa Ambedkar m'buku la Bhimayana popanda timabokosi ta makona anayi, pogwiritsa ntchito mizere ya zojambula za makolo awo. Bukulo lidaonetsa kuti nkhani ya tsankho ingajambulidwe ndi dzanja la ku India komweko, ndipo kapu ya tiyi ya Baloo ikuyembekezera dzanja lotero.

Atsikana nawo ali ndi ulendo wawo womwe makatuni akale sadauone n'komwe. Jhulan Goswami ankadzuka usiku kukwera sitima kuchokera ku Chakdaha kupita ku Kolkata kukaphunzira kuponya, ndipo adadzakhala woponya amene watulutsa omenya ambiri kuposa mkazi wina aliyense pa masewera a tsiku limodzi. Shafali Verma wa ku Rohtak adametedwa tsitsi kuti azioneka ngati mnyamata n'cholinga choti aloledwe kusewera. BCCI idayamba kuyendetsa kiriketi ya amayi mu 2006, timu yawo idaluza fainolo ya 2017 pa Lord's ndi ma run 9 okha, ndipo ligi yawo ya WPL idayamba mu 2023.

Mbali zonsezi, za wopambana, wogwa ndi wodikira, zimapezeka pa pepala limodzi la zotsatira la mu February 1988. Sukulu ya Shardashram Vidyamandir ya ku Bombay inkasewera mu mpikisano wa masukulu wa Harris Shield, ndipo anyamata ake awiri adamenya pamodzi ma run 664 popanda wotulutsidwa. Onse adali ophunzira a Ramakant Achrekar, mphunzitsi wa pa bwalo la Shivaji Park, amene ankaika kobiri la rupee imodzi pamwamba pa wiketi n'kunena kuti woponya amene atulutse womenya alitenga, koma womenya akapirira mpaka kumapeto kobirilo ndi lake. Mmodzi wa anyamatawo, Sachin Tendulkar, adamenya 326, adalowa timu ya dziko chaka chotsatira ali ndi zaka 16, ndipo adapuma mu 2013 atasewera ma Test 200. Mnzake, Vinod Kambli, wochokera m'banja losauka, adamenya 349. Mu 1993 adapitirira ma run 200 pa ma Test awiri otsatizana, koma Test yake yomaliza adaisewera mu 1995 ali ndi zaka 23 zokha.

Mnyamata wachitatu sadamenye mpira ngakhale umodzi. Amol Muzumdar ndiye adali wotsatira kulowa, ndipo adakhala kunja kwa bwalo atavala zotetezera miyendo nthawi yonse imene anzake awiri aja ankamenya. Kamera ya kanema sikadakhala pa iye, chifukwa palibe chimene chinkachitika pomwe adakhalapo, koma wojambula angathe kubwereza kabokosi komweko kasanu kapena kakhumi, mnyamata ali pa mpando womwewo, mthunzi wokha ukusuntha ndi manambala a pa bolodi akukwera. Muzumdar adadzamenya ma run 260 pa masewera ake oyamba a Ranji Trophy ndi oposa 11,000 pa moyo wake wonse wa kiriketi ya m'dzikomo, koma sadaitanidwepo kukasewera masewera ngakhale amodzi a timu yaikulu ya India. Mu 2023 adasankhidwa kukhala mphunzitsi wa timu ya amayi, ndipo pa 2 November 2025, ku Navi Mumbai, timuyo idagonjetsa South Africa ndi kutenga chikho cha dziko lonse kwa nthawi yoyamba, Shafali Verma atasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa fainoloyo.